Mankhwala akalakwika kunyumba, ayankhe ndani ndipo tikanene kuti?

Mankhwala ambiri amene amaperekedwa m'zipatala za m'boma la Dedza samwedwa m'chipatala ayi. Amakamwedwa kunyumba, pakhonde kapena pamphasa, m'midzi ya kwa Kachere, kwa Kaphuka, kwa Kasumbu, kwa Tambala ndi kwa Chilikumwendo, kumene namwino amene adawapereka saona n'komwe. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu 830,512 m'boma lino, ndipo mabedi a pachipatala chachikulu cha paboma, a ku Mua kunsi kwa mapiri, ndi a m'zipatala ngati Mtendere, Lobi, Kasina, Mayani ndi Bembeke sangakwanire aliyense wodwala matenda a mgonagona. Choncho wodwala shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu, chifuwa chachikulu kapena khansa amatulutsidwa kuti azikasamalidwa kwawo. Namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amamuyendera mwa apo ndi apo, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku yomwetsa mankhwala imakhala m'manja mwa mkazi wake, mwana wake kapena mdzukulu wa Sitandade 6. Manja akachuluka chonchi, kulakwitsa sikulephera. Chimene nzika iyenera kudziwa ndi choti kukachitika anene ndani, kwa yani, ndipo lamulo likuti chiyani. Ine ndikuti mankhwala akalakwika, nkhani inenedwe tsiku lomwelo ndipo ilembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo, kaya wolakwitsa ndi namwino kaya ndi wachibale. Mkwiyo wa banja, wa mudzi ndi wa lamulo usungidwire munthu wobisa, chifukwa kubisa n'kumene kumapha anthu amene akadapulumuka.

Taonani kathumba ka pulasitiki kamene mumalandiriramo mapiritsi pawindo la mankhwala. Pamwamba pake pali tizithunzi ta dzuwa likutuluka, lili pamutu, likulowa, ndi mwezi, ndipo wopereka mankhwala amalembapo mothamanga manambala ngati 2x3. Kwa iye ndi mapiritsi awiri katatu patsiku. Kwa gogo amene wafika kunyumba atatopa ndi zitunda, akhoza kukhala atatu kawiri, ndipo kathumbako kakanyowa ndi mvula kapena kakakhulana ndi ndalama zachitsulo pamfundo ya chitenje, inki imafufutika. Nthawi zina dzina la mankhwala silidalembedwepo n'komwe. Mankhwala a malungo a LA, amene dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 m'malo mwa Fansidar, amaperekedwa potengera kulemera kwa wodwala: mwana wosafika makilogalamu 15 amamwa piritsi limodzi panthawi, wamkulu amamwa anayi, kawiri patsiku kwa masiku atatu. M'nyumba imene mayi ndi mwana adwala sabata imodzi, mapaketi awiriwo amasungidwa m'mbale imodzi. Morphine wamadzi amene odwala khansa amapatsidwa kuti ululu uchepe amabwera wamphamvu zosiyana, kotero kuti mlingo umene udali woyenera pa botolo la mwezi watha ungakhale wochuluka kwambiri pa botolo la mwezi uno. Munthu amene akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ambiri adasinthidwira kuyambira mu 2019, akayamba mankhwala a chifuwa chachikulu okhala ndi rifampicin amayenera kuwonjezeredwa piritsi lina la dolutegravir. Wachipatala akaiwala kufunsa, ma ARV amafooka m'thupi popanda wina wozindikira. Zolakwika izi zingayambire kwa wolemba mankhwala, kwa wopereka pawindo, kwa namwino woyendera wodwala kapena kwa gadiyani, ndipo kawirikawiri zimayambira kwa awiri kapena atatu pamodzi.

Tiyambe ndi namwino, poti ndiye amene anthu amaonana naye kwambiri. Namwino ndi mzamba aliyense m'Malawi muno, kaya ndi wa boma, wa chipatala cha mishoni cha pansi pa CHAM, wa bungwe, kapena wolembedwa ntchito ndi banja kuti azisamalira wodwala kunyumba, amagwira ntchito ndi chilolezo cha bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene limayendera lamulo la Nurses and Midwives Act la mu 1995. Bungweli ndilo limalemba dzina lake m'kaundula, ndipo lili ndi mphamvu yomva dandaulo, kumuchenjeza, kumuimitsa kaye, ngakhale kumufufuta m'kaundulamo. Chimene ambiri sadziwa n'choti udindo umenewu suthera pageti la chipatala. Namwino akabaya jakisoni m'nyumba yaudzu kwa Chauma amayankha chimodzimodzi ndi mmene angayankhire atabaya muwodi paboma. Ayenera kutsimikiza kuti wodwala ndi yemweyo, mankhwala ndi omwewo, mlingo ndi wolondola, nthawi yake yakwana ndipo njira yoperekera ndi yoyenera, kenako alembe zimene wachita. Akasiyira wachibale kapena volontiya ntchito yomwetsa, amakhalabe ndi choyankha ngati sadafotokoze bwino, kapena ngati adasiyira munthu amene zidali zoonekeratu kuti sangakwanitse. Sangabisalenso kumbuyo kwa adokotala ponena kuti adangotsatira zimene zidalembedwa. Akaona mlingo wokayikitsa, maphunziro ake amamulamula kuti afunse asanapereke, ndipo namwino amene amafunsa chotero ndi amene banja liyenera kumuthokoza, ngakhale atachedwetsa mzere.

Enawo nawonso ali ndi kumene amayankha. Madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant ali pansi pa Medical Council of Malawi, motsatira lamulo la mu 1987. A m'mafamase pamodzi ndi mankhwala enieniwo amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA mwachidule, imene lamulo la mu 2019 lidaika m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndipo imalandira malipoti a mankhwala amene avulaza munthu, achinyengo kapena owonongeka. Mlangizi wa zaumoyo, amene kumudzi timangomuti adokotala, si namwino. Kuyambira mu 2008 ambiri a iwo amatsegula kiliniki ya m'mudzi yothandiza ana osafika zaka zisanu odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba, ndipo amayankha kwa akuluakulu ake pachipatala chapafupi ndi ku ofesi ya mkulu wa zaumoyo paboma. Koma munthu woyenda ndi chikwama cha majakisoni m'misika ya m'malire alibe kaundula woti amufufutemo. Nkhani yake ndi ya polisi ndi PMRA, ndipo banja limene likufuna kulemba namwino wosamalira wodwala kunyumba lisachite manyazi kupempha kuona chiphaso chake.

Ufulu wa wodwala pankhaniyi ukuchokera kuti? Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 adaika chithandizo cha kuchipatala mu gawo 13, pakati pa zolinga zimene boma liyenera kulimbikira, osati pamndandanda wa maufulu wa m'mutu wachinayi. Komabe mutu wachinayiwo uli ndi zokwanira. Gawo 16 limateteza moyo. Gawo 19 likuti ulemu wa umunthu sungaphwanyidwe. Gawo 37 limapatsa munthu ufulu wopeza zimene boma ndi nthambi zake zikusunga ngati akuzifuna kuti ateteze maufulu ake, ndipo lamulo la Access to Information, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, lidaika njira yopemphera. Gawo 41 limatsegula khomo la khoti, pamene gawo 43 likuti munthu apatsidwe zifukwa molemba ngati chiganizo cha ofesi chikukhudza maufulu ake. Chikalata cha maufulu ndi maudindo a odwala chimene chimamatidwa m'makoma a zipatala chimabwereza zomwezi m'mawu osavuta. Tikaziika pamodzi, wodwala kapena gadiyani wake ali ndi ufulu wodziwa dzina la mankhwala, mlingo wake ndi zoopsa zake, komanso wouzidwa ngati china chalakwika, pakuti thupi limene lamwa mlingo wolakwikawo ndi lake, si la chipatala. Buku la kuchipatala limene mumagula n'kumasunga nokha ndi umboni wanu woyamba. Musalole wina aliyense kung'ambamo tsamba, ndipo wachipatala akabwera kunyumba n'kupereka mankhwala osalemba, m'pempheni mwaulemu kuti alembe tsiku, dzina la mankhwala ndi dzina lake.

Apa tiyenera kulekanitsa zinthu zimene mkwiyo umaziphatikiza. Pali mankhwala amene aperekedwa molondola koma thupi lawakana: wina akamwa Bactrim amatuluka zidzolo, ndipo mwa anthu owerengeka khungu limasupuka, m'kamwa ndi m'maso n'kuchita zilonda. Pamenepo palibe wolakwa, pokhapokha ngati buku lidanena kale kuti munthuyo sayanjana ndi mankhwalawo koma wopereka sadawerenge. Ngakhale palibe wolakwa, wodwalayo athamangitsidwe kuchipatala ndipo nkhani ilembedwe, kuti asadzapatsidwenso. Pali kulakwitsa kwa munthu wosamala, amene watenga botolo lofanana ndi linzake kapena wasokoneza mayina a odwala awiri a m'banja limodzi. Pali kusasamala, pamene wachipatala wachita zimene mnzake wodziwa ntchito sakadachita: kubaya ataledzera, kupatsa mwana mankhwala osamuyeza sikelo ili pomwepo, kubweza gadiyani amene wabwera kudzanena kuti wodwala sakudzuka. Makhoti amayeza kusasamala ndi muyeso umenewo, wa zimene wantchito wodziwa bwino akadachita pamalo omwewo, ndipo wovulazidwa angathe kulandira chipukuta misozi kuchokera kwa olemba ntchito, kutanthauza boma kapena eni chipatala. Kusasamala kukafika poika moyo wa munthu pachiswe, lamulo la Penal Code limakuwerengera ngati mlandu wa kupolisi, ndipo limatchula mwachindunji kupereka chithandizo kapena mankhwala mosasamala. Ndiye pali kubisa: kukhala chete, kufufuta zimene zidalembedwa, kunamiza banja kuti matendawo ndi mmene amayendera. Kulakwitsa kumachitika m'kamphindi. Kubisa munthu amachita atakhala pansi n'kuganiza, ndipo amabwerezanso mawa lake ndi mkuja.

Kubisa n'koopsa chonchi chifukwa zolakwika zambiri za mankhwala zimatheka kukonzedwa, koma nthawi yake ndi yochepa. Morphine akachuluka, wodwala amagona tulo tosadzutsika, kupuma kumachedwa, ndipo kadontho kakuda kapakati pa diso kamachepa ngati nsonga ya singano. Pali jakisoni wotchedwa naloxone amene amabweza mphamvu ya morphine, koma amathandiza munthu amene akupumabe. Shuga akatsika chifukwa cha insulin kapena glibenclamide, makamaka wodwala akamwa asanadye, amatuluka thukuta, kunjenjemera ndi kulankhula zosamveka. Ngati akutha kumeza, madzi a shuga amamusunga panjira yopita kuchipatala. Panado ndiye wachinyengo kwambiri, poti akamwedwa wochuluka munthu amaoneka bwinobwino tsiku loyamba chiwindi chili mkati mowonongeka, ndipo mankhwala oteteza chiwindicho amagwira bwino akaperekedwa m'maola asanu ndi atatu oyambirira. Kumapiri kuno, kumene nthawi ya mvula ngakhale kabaza wa njinga yamoto amatsika n'kumakankha, maola amenewo amathera panjira. N'chifukwa chake namwino amene wazindikira madzulo kuti m'mawa adasiya botolo lolakwika sayenera kudikira kuti kuche. Aimbe foni kapena atume mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo usiku womwewo, auze banja m'mawu omveka chimene chalakwika ndi zizindikiro zoti ayang'anire, alembe m'buku, kenako adziwitse mkulu wake ndi kulemba lipoti. Banja nalo lisayese kusanzitsa wodwala kapena kumumwetsa mkaka ndi zitsamba kuti zisukulutse mankhwala. Litenge matumba onse, mabotolo onse ndi buku, n'kuyamba ulendo.

Poti achibale ndi amene amamwetsa mankhwala nthawi zambiri, nawonso amalakwitsa, ndipo udindo wonena zoona ukuwakhudza chimodzimodzi. Wina akaiwala mlingo wa m'mawa amamwetsa iwiri madzulo. Wina amasiya LA thupi likangozizira n'kusunga otsalawo kuti adzathandize mwana wina. Wina amaphatikiza mapiritsi a kuchipatala ndi botolo la kwa asing'anga, kapena ndi mankhwala ogula kutsidya kwa malire olembedwa m'Chipwitikizi chimene palibe akutha kuwerenga pakhomopo. Zikavuta, ambiri amafika kuchipatala atapangana kale zokanena, poopa kulalatiridwa, ndipo wachipatala amayamba kulimbana ndi matenda amene kulibe. Gadiyani amene wabwera kudzaulula kuti adamwetsa kawiri wachita chinthu chomwecho chimene tikupempha anamwino kuti azichita. Akamunyoza pamzere anthu akumva, mudzi wonse waphunzira kubisa, ndipo chipatalacho chidzalandira mabodza kwa zaka zambiri.

Nanga ngati wachipatala wakana kufotokoza, kapena banja likuona kuti pali chobisika? Poyambira ndi pafupi: mkulu wa pachipatala chimenecho, ndi komiti yoyang'anira chipatala, mmene muli anthu a m'midzi yozungulira osankhidwa kuti azilankhulira odwala. Kuyambira mu 2018, Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi ofesi ya Ombudsman udakhazikitsa a Hospital Ombudsman, anthu olandira madandaulo a odwala m'zipatala popanda kulipiritsa. Paboma pali mkulu wa anamwino ndi azamba, komanso mkulu wa zaumoyo wa boma lonse. Simukakamizidwa kugogoda makomo onsewa mwandondomeko. Nkhani ikakhala yaikulu mungalembere mwachindunji Nurses and Midwives Council ku Lilongwe, kapena ofesi ya Ombudsman, imene gawo 123 la malamulo aakulu limaipatsa mphamvu yofufuza pamene munthu wachitiridwa chisalungamo. Palinso Malawi Human Rights Commission, ndi Legal Aid Bureau kwa amene alibe ndalama za loya. Dandaulo lomveka limatchula tsiku, malo, dzina la mankhwala, zimene zidalembedwa, zimene zidachitika ndi amene adaona. Jambulani masamba a buku pafoni musanalipereke m'manja mwa wina, ndipo sungani matumba ndi mabotolo. Wolandira dandaulo alibe chilolezo chofalitsa matenda a wodwala, ndipo pankhani ya HIV lamulo la mu 2018 limateteza chinsinsi chimenecho. Akuluakulu amati mlandu suola, koma kukhoti umaola: lamulo la Limitation Act limapereka zaka zitatu kwa munthu wofuna chipukuta misozi chifukwa chovulazidwa m'thupi, ndipo wosumira boma ayenera kuyamba wadziwitsa Attorney General asanatsegule mlandu.

Ena anganene kuti zonsezi n'kusenzetsa katundu anthu amene alema kale. Namwino mmodzi pachipatala chakumudzi amabereketsa usiku, m'mawa n'kuona mzere wa odwala, masana n'kupita kukayendera wodwala khansa kuseri kwa phiri, mwina mafuta a njinga atagula yekha. Ndondomeko ya boma imati mlangizi wa zaumoyo mmodzi azitumikira anthu 1,000, koma ambiri amasenza oposa pamenepo. Bungwe la anamwino la NONM lakhala likudandaula za kuchepa kwa antchito kwa zaka zambiri, ndipo silinama. Koma mfundo imeneyi ikuthandiza mbali yanga, osati yotsutsa. Cholakwika chimene sichidalembedwe chimasiya zonse mmene zidalili: sikelo yakufa ikhalabe yakufa, mankhwala amene adatha n'kuchititsa kuti apereke ena ofanana nawo sadzafunsidwa, ndipo namwino wina wotopa adzagwa m'mbuna yomweyo mwezi wamawa. Lipoti ndilo limakweza mlandu kuuchotsa pamutu pa munthu mmodzi n'kuufikitsa kukhonsolo ndi ku unduna, kumene kuli ogawa antchito ndi ndalama. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena zomwezi mu 2017 poyambitsa ntchito yotchedwa Medication Without Harm, pamene lidawerengera kuti zolakwika za mankhwala zimawonongetsa madola 42 biliyoni a ku America pachaka padziko lonse: kuti zambiri zimabadwa pamene dongosolo lofooka lakumana ndi kutopa ndi kuchepa kwa antchito.

Chotsutsa cholimba kwambiri chimachokera kwa anamwino eni ake: ukaulula, wadzimangitsa wekha. Mantha awa ali ndi pogwira. Mu December 2017 namwino wina wa mumzinda wa Nashville ku America, RaDonda Vaught, adabaya wodwala mankhwala a vecuronium, oumitsa minofu, m'malo mwa Versed, ndipo wodwalayo adamwalira. Iye adanena yekha za kulakwitsako atangozindikira. Adalandidwa chiphaso, mu March 2022 khoti lidamupeza wolakwa pamlandu wopha munthu chifukwa cha kusasamala, ndipo mu May chaka chomwecho adagamulidwa kukhala zaka zitatu akuyang'aniridwa ali kunja kwa ndende. Mabungwe a anamwino kumeneko adachenjeza kuti chigamulo chotere chidzatseka pakamwa anthu ena olakwitsa. Ine sindikunena kuti kuulula kuzifafaniza mlandu uliwonse, pakuti banja limene lataya munthu chifukwa cha kusasamala kwenikweni liyenera kupeza chilungamo. Chimene ndikunena n'choti oweruza nkhani zotere, kuyambira mkulu wa pachipatala mpaka Nurses and Midwives Council, ayenera kusiyanitsa poyera wonena ndi wobisa, kuti namwino aliyense adziwiretu kuti kuulula kumapeputsa ndipo kufufuta buku kumachotsetsa ntchito. Ku England adafika poika m'malamulo mu 2014 udindo wa zipatala wouza wodwala zoona zinthu zikalakwika, pambuyo pa kafukufuku wa zimene zidachitika kuchipatala cha Stafford. Aphungu athu angachite bwino kulemba udindo wotere momveka m'malamulo athu a zaumoyo, pamodzi ndi chitetezo cha wantchito amene wanena zoona. Pakadali pano mabanja angayambe okha: namwino akabwera n'kunena kuti ndalakwitsa, choyamba chikhale kuthandiza wodwala, zina zonse pambuyo.

Odwala nawo ali ndi mantha awo, ndipo si opanda pake. Chipatala chapafupi n'chimodzi, namwino ndi yemweyo, ndipo mayi amene wadandaula lero adzafunika kukachira pomwepo miyezi ikubwerayi. Amaonanso kuti Hospital Ombudsman amalandira malipiro ku unduna womwewo, amamwa tiyi ndi anthu amene akuwadandaulawo, ndiye angaweruze bwanji mosakondera? Funsoli ndi lanzeru, ndipo yankho lake n'loti njira zakunja zilipo pachifukwa chimenecho. Kuti zimagwira ntchito tidaona mu 2019, pamene Ombudsman wa nthawi imeneyo, Martha Chizuma, adafufuza nkhani ya amayi amene ankachotsedwa chiberekero m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Zomba ndi Kamuzu Central. Lipoti lake, Woes of the Womb, lidaloza kusasamala kwa ogwira ntchito pamodzi ndi kulephera kwa unduna kupereka antchito ndi zipangizo zokwanira. Kumana munthu chithandizo kapena kumuzunza chifukwa adadandaula ndi mlandu wina pawokha, umene ungakanenedwe kumakomo omwewa. Ndipo munthu sayenera kupita yekha. Dandaulo limene laperekedwa kudzera m'komiti yoyang'anira chipatala, a mfumu kapena a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi akudziwa, n'lovuta kulibwezera pa mayi mmodzi.

Pali mawu enanso amene amatseka nkhani zambiri m'midzi yathu: kuti mankhwala a boma ndi aulere, ndiye tizingothokoza, kapena kuti nthawi yake idakwana. Mankhwalawo si aulere. Amagulidwa ndi msonkho umene mlimi wa mbatatesi ku Bembeke amapereka akamagula sopo, mayunitsi ndi mafuta a galimoto yonyamula matumba ake, pamodzi ndi thandizo limene maiko ena amapereka m'dzina la wodwala yemweyo. Ndipo imfa kapena kufooka kwadzidzidzi kumene sikudafotokozedwe sikuthera pamenepo. Munthu amene dzulo amalankhula akangoti zii lero, mudzi umafuna chifukwa, ndipo chipatala chikakhala chete chala chimaloza gogo wina wosauka wa kumapeto kwa mudzi. Lamulo la Witchcraft Act la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lokha silikwanira pamene choonadi chatsekeredwa m'kabati ya kuchipatala. Mphekesera zomwezo zimatembenukiranso achipatala, monga zidachitikira mu 2017 m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, pamene nkhani za anamapopa zidaphetsa anthu ndi kuopseza ogwira ntchito zaumoyo. Kumenya namwino kapena kuphwanya chipatala ndi mlandu, ndipo mudzi wochita zimenezo umatsala wopanda namwino komanso wopanda yankho. Njira yolembedwa ya madandaulo imateteza mbali zonse ziwiri.

Mafumu ndi makomiti a zipatala m'boma lino ali ndi ntchito imene sifuna ndalama: pamsonkhano wa mudzi atchule dzina la munthu wolandira madandaulo pachipatala chawo ndi tsiku limene amapezeka, ndipo komiti ikakumana izifunsa mkulu wa chipatala kuti ndi zolakwika zingati za mankhwala zimene zalembedwa ndi chimene chasinthidwa. Chipatala chimene chayankha kuti palibe ngakhale chimodzi chaka chonse chifunsidwenso bwino. Inu amene mukudwazika matenda kunyumba, musachoke pawindo la mankhwala musanabwereze mokweza zimene mwauzidwa, kuti wopereka amve ngati mwamva molondola, ndipo botolo likasintha mtundu kapena kukula funsani ngati mlingo wasinthanso. Mukakayika pakati pa usiku, Chipatala Cha Pa Foni chimaimbidwa kwaulere pa 929. Wodwala akasintha atangomwa mankhwala, musadikire kuti kuche.